Kodi WordPress ingakwanire kusungirapo zikalata ndi zithunzi zopita kwa atolankhani pa kampani yathu?

Wazofalitsa wa ku Kanengo

Ndimagwira ntchito mu ofesi yofalitsa nkhani pa kampani ina ya ku Kanengo, mu mzinda wa Lilongwe, yomwe imagula soya ndi mtedza kwa alimi n'kumayenga mafuta ophikira. Mu ofesi muno tilimo anthu awiri okha, ndipo ndife amene timalemba zikalata zopita kwa atolankhani, kusunga zithunzi za akuluakulu a kampani ndi za fakitale, komanso kuyankha mafunso ochokera ku nyuzipepala ndi ku wailesi. Vuto lathu ndi lakuti zinthu zonsezi zili balalabalala. Zikalata zina zili mu imelo ya mnzangayo, zina zili pa kompyuta yanga, zithunzi zambiri zili m'mafoni mwathu, ndipo chizindikiro cha kampani chilipo cha maonekedwe angapo moti ngakhale ife eni ake timayamba tafunsana kuti chovomerezeka ndi chiti. Mtolankhani akaimba madzulo kufuna chithunzi cha mkulu wa kampani, timayamba kufufuza m'magulu a WhatsApp, ndipo tikachedwa nkhani imatuluka ndi chithunzi chakale cha munthu amene anachoka kale pa udindowo.

Tinafunsa akatswiri ena okonza masamba a pa intaneti kuti atimangire malo apadera a atolankhani, koma mtengo umene anatchula akuluakulu athu anaukana, makamaka chifukwa gawo lina limayenera kulipiridwa m'madola mwezi ndi mwezi. Kenako wina anandiuza kuti pulogalamu ya WordPress ikhoza kugwira ntchito yomweyi pa mtengo wochepa kwambiri. Ndikupempha amene munayesapo kuti mundiunikire. Kodi n'zoona kuti pulogalamuyi ingakwanire, kapena tidzangooneka ngati kampani yopanda dongosolo? Ndalama zimene sitingazithawe ndi ziti? Nanga munthu amene sanaphunzire za makompyuta, ngati ine, angathe kuiyendetsa yekha popanda kumaitana katswiri sabata iliyonse?

Katswiri wa masamba wa ku Zomba

Mayi, yankho langa ndi lakuti ingakwanire, ndipo ndinganene kuti pa ntchito ngati yanuyi imakwanira kuposa mapulogalamu ambiri odula. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. WordPress, imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anaiyamba mu 2003, inapangidwa kuti munthu azilemba nkhani, nkhaniyo izikhala ndi mutu, tsiku ndi adiresi yakeyake, ndipo yatsopano izikhala pamwamba pa zakale. Chikalata cha atolankhani chimafuna zinthu zomwezi basi. Masiku ano masamba oposa 40 pa masamba 100 aliwonse a pa intaneti amayendera pulogalamuyi, kuphatikizapo a makampani akuluakulu ndi a nyumba zofalitsa nkhani, choncho musade nkhawa kuti muoneka otsalira. Mlendo wofika pa tsambalo sadziwa n'komwe pulogalamu imene ili kuseri kwake.

Choyamba muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zimasokoneza anthu ambiri. Pulogalamu imene imapezeka pa WordPress.org ndi yaulere, ndipo mumaiika pa seva, yomwe ndi kompyuta yosungira masamba a pa intaneti, imene mwachita lendi nokha. WordPress.com ndi bizinesi ya kampani ya Automattic, imene imakusungirani tsambalo pa maseva ake. Kumeneko kulinso gawo laulere, koma limabwera ndi malonda a anthu ena pa tsamba lanu, malo osungira zinthu ndi ochepa, ndipo adiresi yanu imathera ndi dzina lawo. Kwa kampani yofuna kuti atolankhani aziikhulupirira, ine ndimalangiza njira yoyambayo. Ndalama zimene simungazithawe ndi za zinthu ziwiri, zomwe ndi dzina la tsamba, limene limalipiridwa chaka ndi chaka, ndi hosting, kutanthauza malo a pa seva. Ngati kampani yanu ili kale ndi tsamba lake, n'kutheka kuti zonse ziwirizi mukulipira kale, ndipo chongofunika ndi kupempha amene amakusungirani tsambalo kuti atsegule kagawo kena pansi pa dzina lomwelo. Satifiketi imene imachititsa kuti adiresi iyambe ndi https imaperekedwa mwaulere ndi bungwe la Let's Encrypt, choncho wina asakulipiritseni zambiri pa chimenecho.

Pa kasanjidwe, WordPress ili ndi mitundu iwiri ya zolemba, ndipo mukaimvetsa mwamaliza theka la ntchito. Zimene imazitcha Posts ndi zolemba zoyendera tsiku, ndipo m'menemo muziikamo zikalata zonse, chilichonse pachokha. Zimene imazitcha Pages ndi zolemba zokhazikika, ndipo m'menemo muikemo mbiri ya kampani mwachidule, mayina ndi maudindo a akuluakulu pamodzi ndi zithunzi zawo, chizindikiro cha kampani, malipoti a pachaka, komanso nambala ya foni ya mneneri. Zikalatazo muzigawe m'magulu ochepa, monga za alimi, za mitengo ya katundu, za maudindo atsopano ndi za ntchito zothandiza anthu. Magulu akachuluka anthu amasiya kuwatsatira, ndipo inu nomwe mudzayamba kukayika kuti chikalata china chilowe gulu liti. Gulu lililonse limakhala ndi RSS yake, yomwe ndi njira yodziwitsira owerenga zolemba zatsopano, popanda inu kuchita kanthu, moti mkonzi amene amagwiritsa ntchito njira imeneyi angathe kulandira chidziwitso nthawi yomweyo mukangotulutsa chikalata.

Chinthu china chimene chingathandize ofesi ya anthu awiri ndi maudindo a ogwiritsa ntchito. Munthu amene wapatsidwa udindo wa Contributor amatha kulemba, koma sangatulutse nkhani ndipo sangakweze zithunzi, kotero zimene walemba zimadikira kuti wina aziwone. Wa udindo wa Author amatulutsa zolemba zake zokha. Wa udindo wa Editor amakonza ndi kutulutsa zolemba za aliyense. Udindo wa Administrator, umene umatha kusintha chilichonse ngakhale kufufuta tsamba lonse, usamagwiritsidwe ntchito polemba za tsiku ndi tsiku. Inu mutenge udindo wa Editor, ndipo ngati mkulu wa zamalonda amafuna kumalembako, mum'patse wa Contributor. Pulogalamuyi imasunganso mbiri ya zosintha zonse, moti pakabuka mkangano woti ndani anasintha chiwerengero china mu chikalata, mumangotsegula n'kuona.

Pali misampha ingapo imene ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa ikukhudza kwambiri ntchito ya atolankhani. Kuyambira pa WordPress 5.3, imene inatuluka mu 2019, chithunzi chilichonse chopitirira mapikiseli 2,560 m'litali kapena m'lifupi chimachepetsedwa chokha mukachikweza. Chachikulucho chimatsala pa seva, koma chimene alendo amachipeza mosavuta ndi chochepetsedwacho. Pa tsamba wamba zimenezi n'zabwino, koma wokonza magazini amene akufuna chithunzi chodzaza pepala la A4 pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, amafuna cha mapikiseli pafupifupi 2,480 kwa 3,508. Njira yosavuta ndi kuika zithunzi zazikuluzo mu fayilo ya ZIP, imene imamanga mafayilo angapo pamodzi, n'kuonetsa chaching'ono pa tsamba kuti munthu adziwe chimene akutsitsa. Chimodzimodzinso chizindikiro cha kampani: WordPress sivomereza mafayilo a zithunzi a mtundu wa SVG pokhapokha mutawonjezera zina, choncho muike chithunzi cha mtundu wa PNG choonekera pa tsamba, ndipo mafayilo a osindikiza muwaike mu ZIP. Musaiwalenso kusankha nthawi ya Blantyre m'makonzedwe, kuzimitsa gawo la ndemanga, ndi kuonetsetsa kuti kabokosi koletsa Google kuona tsambalo sikanasiyidwe kochongedwa ndi amene anakukonzerani.

Pa funso lanu lomaliza, munthu amene amatha kulemba kalata pa kompyuta ndi kutumiza imelo angathe kutulutsa chikalata pa WordPress atangophunzitsidwa pang'ono. Katswiri amafunika poyambirira, kenako mwa apo ndi apo. Chimene chimagwetsa masamba ambiri ndi ma plugin, omwe ndi mapulogalamu aang'ono owonjezera pa WordPress, akakhala ochuluka ndiponso osakonzedwanso. Muike ochepa kwambiri, monga wosunga makope a tsamba lonse ndi woteteza polowera, ndipo mulole kuti azidzikonza okha, zomwe zakhala zotheka kuyambira mu 2020.

Mkonzi wa ku Blantyre

Ine za maseva sindizidziwa kwenikweni, koma ndakhala nthawi yaitali ndikulandira zikalata za makampani, choncho ndiyankhula ngati munthu amene tsamba lanulo likumangidwira. Mayi, ndikupempheni kuti musataye nthawi yambiri pa kukongola kwa tsambalo. Mtolankhani amafika pamenepo ali pa liwiro, nthawi zambiri pa foni, bandulo ili pafupi kutha, ndipo mkonzi wake akumudikira. Akufuna mawu oti awakopere, chithunzi choti achitsitse, ndi nambala ya munthu amene ayankhe akaimba. Zithunzi zoyendayenda pamwamba pa tsamba ndi mavidiyo odziyambitsa okha zimangomudyera bandulo.

Chinthu chimene chimatipweteka kwambiri m'zipinda zolembera nkhani ndi chikalata chimene chasindikizidwa pa pepala, bwana n'kusainira, kudindapo chidindo, kenako n'kuchijambula ndi foni kapena kuchisandutsa PDF ya chithunzi. Ndikumvetsa chifukwa chake makampani amachita zimenezi, pakuti siginecha ndi chidindo zimaonetsa kuti nkhaniyo ndi yovomerezeka, ndipo masiku ano zikalata zabodza zokhala ndi zizindikiro za mabungwe zikuyenda kwambiri pa WhatsApp. Koma mtolankhani akalandira chithunzi choterocho amayenera kulembanso mawu onse ndi manja, ndipo apa ndi pamene dzina la mkulu wanu limalakwika, kapena K15 miliyoni imasanduka K51 miliyoni. Pa tsamba lanulo mulembe chikalata chonse ngati mawu wamba oti munthu angathe kuwakopera, kenako pansi pake muike kope losainidwalo kwa amene akulifuna. Ubwino wina waukulu uli pomwepa. Chikalata chokayikitsa chikayamba kuyenda, ife tidzangotsegula tsamba lanu n'kuona ngati chilipo, ndipo ngati palibe tidzadziwa kuti tiyenera kukuimbirani tisanalembe kanthu. Koma zimenezi zingatheke pokhapokha mutazolowera kuika chikalata chilichonse pa tsambalo musanachitumize kwina kulikonse. Mukamaika zina n'kusiya zina, kusapezeka kwa chikalata pa tsamba sikudzatanthauza kanthu.

Pa zithunzi, a ku Zomba anena bwino za kukula kwake, koma ine ndiwonjezere za mawu ofotokozera. Chithunzi chopanda mawu ofotokoza kuti ali pamenepo ndani, kuyambira kumanzere kupita kumanja, udindo wake ndi wotani, chinajambulidwa kuti, liti, ndiponso ndi yani, kwa ife n'chosathandiza ngakhale chikhale chokongola motani. Dzina la fayilo nalonso lizinena kanthu, osati manambala amene kamera inapereka. Muike zithunzi za mkulu aliyense zoimirira ndi zopingasa, chifukwa wokonza tsamba la nyuzipepala amasankha malinga ndi malo amene atsala. Ndikupemphaninso kuti zisakhale zithunzi za akuluakulu ovala masuti okhaokha atagwira cheke chachikulu. Tipatseni matumba a soya ali pa sikelo, makina akuyenga, magalimoto akutsitsa katundu, chifukwa tsiku limene tikulemba za mitengo ya mafuta ophikira m'dziko muno tidzafuna chithunzi choterocho, ndipo kampani imene inachiika poyera ndi imene idzaoneke mu nyuzipepala popanda kulipira malonda. Mulembe pambali pa fayilo iliyonse kukula kwake, kuti munthu wa bandulo yochepa adziwe ngati angakwanitse kuitsitsa.

Tsopano ndinene chinthu chimene makampani ambiri amachinyalanyaza, chomwe ndi chilankhulo. Inu mumagula kwa alimi a ku Mchinji, Kasungu, Dowa ndi madera ena, ndipo anthu amenewa nkhani amazimvera pa wailesi m'Chichewa, kaya pa Zodiak, pa MBC kapena pa wailesi za m'madera monga ya ku Nkhotakota. Mukatumiza chikalata m'Chingerezi chokha, mtolankhani amachimasulira yekha mothamanga, ndipo mawu a mkulu wanu amamveka momwe womasulirayo wawamvera. Nkhani ya mtengo wogulira mbewu, tsiku lotsegulira misika kapena chinyezi chovomerezeka m'mbewu ndi yofunika kuti imveke ndendende. Lembani chikalata chilichonse chokhudza alimi m'zilankhulo ziwiri, ndipo cha Chichewacho chilembedwe ndi munthu wodziwa kulemba Chichewa, osati kungochidutsitsa m'makina omasulira. Mukatha, jambulani mneneri wanu akunena mfundo zikuluzikulu kwa mphindi imodzi pa malo opanda phokoso, n'kuika mawuwo pa tsamba ngati MP3. Wailesi ya m'dera imene ilibe galimoto yotumizira mtolankhani ku Kanengo idzagwiritsa ntchito mawu amenewo tsiku lomwelo.

Njira imeneyi ili ndi phindu linanso limene ndimalikonda ngati mkonzi. Misonkhano ya atolankhani imadya ndalama za holo, zakumwa ndi mayendedwe, ndipo tonse tikudziwa kuti nkhani ya chipondamthengo, ndalama zimene atolankhani amapatsidwa pa misonkhano yotereyi, imaipitsa mbiri ya ntchito yathu ndi ya makampani omwe. Si nkhani iliyonse imene imafuna msonkhano. Zambiri zingathe kuyenda ndi chikalata cholembedwa bwino, chithunzi ndi mawu ojambulidwa, ndipo nkhaniyo idzatuluka kapena kukanidwa malinga ndi kulemera kwake.

Komabe musaganize kuti atolankhani azidzabwera okha pa tsambalo m'mawa uliwonse. Muzitumizabe uthenga pa imelo kapena pa WhatsApp, wokhala ndi mutu, ndime yoyamba ndi adiresi ya chikalatacho. Musatifunse kuti tilembetse mayina kapena kudzaza fomu tisanatsitse chithunzi, chifukwa ambiri adzangotseka tsambalo n'kutenga chithunzi chilichonse chimene achipeze pa Facebook. Ndipo nambala imene muikepo ikhale ya foni ya m'manja imene imayankhidwa ngakhale Loweruka masana, osati ya pa resepishoni.

Wowerengera ndalama wa ku Mzuzu

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma ndikuona kuti mawu oti "mtengo wochepa" akufunika kuwaunika bwino asanafike kwa akuluakulu anu, Mayi, chifukwa mukawalonjeza kuti zonse n'zaulere adzakana kutulutsa ndalama tsiku limene zidzafunike. Pulogalamuyo ndi yaulere, koma dzina la tsamba lothera ndi .com komanso hosting ya kunja zimalipiridwa m'madola. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi bajeti ya zinthu zoterezi anaona mtengo utakwera popanda kuwonjezera kalikonse. Kupeza ndalama zakunja pa khadi la banki nakonso sikukhala kophweka nthawi zonse. Choncho ndibwino kufunsa makampani a m'dziko muno amene amalandira makwacha, kulipira chaka chathunthu nthawi imodzi, ndi kulemba tsiku lolipiranso pa kalendala ya ofesi ya zachuma, osati m'mutu mwa munthu mmodzi. Dzina lothera ndi .mw nalonso muliganizire.

Chachiwiri, chimene kwa ine n'chachikulu kuposa mtengo, ndi umwini. Pa kampani ina imene ndinagwirapo ntchito, wokonza tsamba analembetsa dzina la tsambalo m'dzina lake ndi pa imelo yake. Ubale utasokonekera, kampaniyo inapezeka kuti ilibe mphamvu iliyonse pa tsamba lake lomwe, ndipo zolemba za zaka zambiri zinatayika. Dzina la tsamba, akaunti ya hosting ndi akaunti ya Administrator zonse zilembetsedwe m'dzina la kampani, pa imelo ya kampani, ndipo mawu achinsinsi olowera asungidwe ndi anthu awiri a maudindo. Makope a tsamba lonse azisungidwa kwina, kunja kwa seva yomweyo. Pa chifukwa chomwechi sindigwirizana ndi amene amati tsamba la Facebook n'lokwanira. Facebook ndi yabwino pofalitsira, koma kusunga nkhokwe ya kampani kumeneko kuli ngati kumanga nyumba ya njerwa pa malo obwereka, ndiponso kupeza chikalata cha zaka zitatu zapitazo pamenepo ndi ntchito yotopetsa.

Ngati akuluakulu atakaniratu kutulutsa ndalama iliyonse, pali Blogger, njira ina yofalitsira zolemba pa intaneti, imene ndi ya Google kuyambira 2003. Simulipira hosting, simudandaula za kukonza pulogalamu, ndipo imalola kulumikiza dzina la tsamba la kampani yanu. Kuipa kwake n'kwakuti sisunga mafayilo a PDF, ZIP kapena MP3, moti amenewo muyenera kuwaika pa Google Drive, pomwe akaunti yaulere ili ndi malo a 15 GB, ndipo maudindo a olemba ndi awiri okha. Kwa bungwe laling'ono imakwanira, ngakhale kuti kwa inu ndikuona kuti WordPress ndi yoyenera.

Ndimalize ndi za malamulo, chifukwa tsambalo likhala mawu a kampani pamaso pa dziko. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limafuna kuti wofalitsa zinthu pa intaneti aonetse poyera dzina lake ndi momwe angapezekere, choncho dzina lonse la kampani, adiresi ya ofesi, foni ndi imelo zikhale pamalo ooneka. Mndandanda wa mayina, manambala ndi maimelo a atolankhani ndi uthenga wokhudza anthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024 limakhudza kasungidwe kake. Musauike pa tsambalo, ndipo potumiza imelo kwa anthu ambiri muziwabisa mu BCC, malo amene amabisa maimelo a olandira ena. Pa zithunzi, kumbukirani kuti kulipira wojambula sikutanthauza nthawi zonse kuti mwagula ufulu wogawira chithunzicho kwa aliyense. Mugwirizane naye polemba kuti zithunzizo zidzaperekedwa kwa atolankhani mwaulere ndipo dzina lake lizitchulidwa. Alimi ndi ogwira ntchito amene akuoneka pa zithunzizo nawonso azipemphedwa chilolezo.

Mtengo weniweni umene sulembedwa pa invoisi ndi nthawi yanu. Tsamba la atolankhani limene chikalata chake chomaliza ndi cha chaka chatha limapereka chithunzi choipa kuposa kusakhala nalo. Akuluakulu avomereze polemba kuti kusamalira tsambalo ndi gawo la ntchito yanu, ndipo atchule munthu mmodzi amene azivomereza zikalata mwamsanga.

Wazofalitsa wa ku Kanengo

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha mayankho atsatanetsatanewa. Ndafunsa ndipo ndapeza kuti hosting tikulipira kale chifukwa cha tsamba lathu lakale, choncho nditsatira malangizo otsegula kagawo pansi pa dzina lomwelo. Nkhani ya zilankhulo ziwiri ndi mawu ojambulidwa ndiipereka kwa akuluakulu sabata ino, chifukwa nyengo yogula mbewu ikayandikira mafunso ambiri amachokeradi ku wailesi.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Nthawi zina timakonza chikalata masiku angapo tisanachitulutse, monga cholengeza mitengo yatsopano, ndipo sitifuna kuti opikisana nafe achione nthawi isanakwane. Kodi ndingachikonzeretu pa tsambalo n'kuchiuza nthawi yotulukira? Funso lachiwiri likupita kwa bambo mkonzi. Akuluakulu ena akuti pa tsambalo pazikhala nkhani zabwino zokhazokha, ndipo chikalata chikapezeka ndi cholakwika tizingochifufuta mwakachetechete. Kodi inu mumaziona bwanji zimenezi?

Katswiri wa masamba wa ku Zomba

Kukonzeratu n'kotheka, Mayi, chifukwa pulogalamuyi imalola kusankha tsiku ndi ola lotulukira. Koma pali zinthu ziwiri zoti musamale nazo. Choyamba, wotchi ya WordPress imayang'ana ntchito zodikira pokhapokha munthu wina akatsegula tsambalo, moti pa tsamba la alendo ochepa chikalata chikhoza kuphonya nthawi yake n'kukhala osatuluka. Pemphani a hosting kuti akuikireni cron ya pa seva, imene imadzutsa pulogalamuyo nthawi ndi nthawi, ndipo ola likakwana muzitsegula nokha kuti mutsimikize.

Chachiwiri n'choopsa kwambiri pa nkhani ya chinsinsi. Mawu a chikalata chosatulutsidwa amakhala obisika, koma fayilo iliyonse imene mwakweza, kaya PDF kapena chithunzi, imakhala ndi adiresi yake yotseguka kuyambira nthawi yomweyo, ngakhale chikalata chimene fayiloyo ikupita nacho chisanatuluke kapena chili ndi mawu achinsinsi. Munthu wodziwa adiresiyo, kapena woiganizira molondola, angathe kuitsegula. Choncho mndandanda wa mitengo yatsopano usakwezedwe mpaka nthawi yotulutsira itakwana. Konzeranitu mawu okhawo, ndipo ngati nkhaniyo ndi yachinsinsi kwambiri, isungeni pa kompyuta yanu mpaka m'mawa wa tsikulo.

Mkonzi wa ku Blantyre

Mayi, akuluakulu anuwo muwauze mwaulemu kuti kufufuta sikubisa kanthu, chifukwa chikalata chikangotuluka wina amakhala atachijambula kale pa foni, ndipo adiresi yake imakhala ili m'maimelo athu ndi m'nkhani zimene tinalemba. Mtolankhani akatsegula adiresiyo n'kupeza palibe kanthu, kufufutako kumasanduka nkhani yoposa cholakwikacho. Chofunika ndi kukonza pamalo pomwepo, n'kulemba pamwamba kapena pansi pa chikalatacho kuti chakonzedwa pa tsiku lakuti, ndipo chimene chasintha ndi chakuti. Kenako mutumize uthenga kwa onse amene munawatumizira poyamba. Ifenso m'nyuzipepala timachita chimodzimodzi tikalakwitsa, ndipo owerenga satisiya chifukwa cha zimenezo.

Pa nkhani zabwino zokhazokha, maganizo anga ndi akuti tsiku limene tsambalo lidzagwire ntchito yaikulu ndi tsiku la mavuto, monga ngozi pa fakitale, katundu wofunika kubwezedwa kuchokera m'mashopu, kapena madandaulo a alimi pa za sikelo. Tsiku limenelo atolankhani onse adzaimba nthawi imodzi, ndipo anthu awiri simungathe kuwayankha onse mofanana. Mukaika mawu a kampani pa tsambalo mwamsanga, ndi ola limene alembedwa, n'kumawonjezera zatsopano pansi pa adiresi yomweyo pamene zinthu zikudziwika, tonse tidzatenga mawu amodzimodzi, ndipo mbali yanu idzamveka m'nkhani yoyamba osati ya mawa lake. Mukakhala chete, nkhaniyo idzatulukabe, ndipo m'malo mwa mawu anu mudzakhala chiganizo choti kampaniyo sinayankhe. Ndikulangizani kuti mugwirizane ndi akuluakuluwo panopa, zinthu zili bwino, za amene adzavomereze mawu oterowo ngati mkulu wa kampani ali pa ulendo kapena foni yake siikupezeka, ndipo dzina la wogwirizira ameneyo lilembedwe m'ndondomeko ya ofesi yanu.